Zakuda Zanga ndi Sikelo ya Adona

Taipa, Macau
10 Malichi 2013

Okondedwa Amayi,

Choyamba ndifuna kumva za moyo wanu. Bondo lija likukulolani kutsikira kumadzi? Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa kamene kabwera ndi chinyezi. Mwezi uno makoma akutuluka thukuta, ndipo zovala ndikachapa Lolemba zimafika Lachinayi zisanaume. Madiresi akuda ndili nawo awiri okha, ndiye nthawi zina ndimavala lonyowa pang'ono. Musadandaule, chichokereni kumaliro a Bambo sindinavalepo mtundu wina ngakhale tsiku limodzi.

Achimwene Abílio, ndikudziwa kuti ndinu mukuwerengera Amayi kalatayi. Chonde muwerenge mzere uliwonse, pang'onopang'ono. Ndailemba kawiri kuti musanamizire kuti zilembo sizikuoneka.

Ndatumiza madola 150. Mankhwala a bondo agulidwe poyamba, otsalawo alipire anthu opalira m'munda wa khofi. Si ogulira tambala wa njuga ayi.

Adona Mafalda, amene ndimawagwirira ntchito, asiya ntchito ya ku ofesi. Tsopano akuti aziphunzitsa anthu a m'mahotela kugawa bwino moyo, kuti ntchito isamadye munthu yense, kunyumba kuzitsalako kanthu. Phunzirolo ali nalo pawiri, la Chipwitikizi la anthu akwawo ndi la Chingerezi la anzawo a amuna awo, Bwana Gavin. Amayeserera pabalaza ndipo womvetsera wake ndine. Ndimakhala pampando, mwana wawo Benedita ali pamiyendo, wotchi ili m'manja. Akamaliza amafunsa, "Bwanji Juvita, zakugwira mtima?" Ine ndimati, "Mphindi makumi anayi, Adona." Lamlungu lapitali ndinaphonya Misa chifukwa cha zimenezi. Akuti tsikulo adzandibwezera.

Ndawauza kale kuti pa 19 Okutobala ndiyenera kukhala kumudzi ku Timor, popeza ndi tsiku lokwanira chaka, lovula zakuda. Anati, "Okutobala ndi kutali mwanawe, tidzaona." Choncho muwauze Amalume Caetano kuti pa ana amene adzawavule kumanda, nanenso andiwerengere.

Ndine mwana wanu,
Juvita

21 Epulo

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi onse pakhomo. Ine chifuwa chija chatha.

Kalata yanu ndailandira ndipo ndaiwerenga kanayi. Pepani, koma muli mawu ena amene sakumveka ngati anu. Akuti, "Tikiti ya ndege ndi mtengo wa njati yathunthu. Mwana wanzeru amatumiza njati, iye n'kukhala pantchito." Amayi, chibadwireni ine simunanditchulepo mwana wanzeru. Inu mumati "iwe wamutu wouma". Ngati mawuwo ndi a Achimwene, alembe dzina lawo pansi kuti ndiwayankhe iwowo. Njati imodzi yoweta, yopha pamwambo, ndinavomera kuthandiza kugula. Yachiwiriyi yachokera kuti? Bambo anali munthu mmodzi.

Adona agula sikelo ya mbale ziwiri, yonga ya ogula khofi kwathu ku Gleno koma yonyezimira. Lamlungu anandituma kugombe kukatola miyala makumi awiri, ndipo ndinaitsuka n'kuipaka utoto. Khumi yoyera ndi ntchito. Khumi yabuluu ndi banja, tulo, pemphero, abwenzi ndi zina zotero. Pophunzitsa aziika umodziumodzi uku ndi uku mpaka mbale zilingane, anthu n'kuwomba m'manja. Koma miyala ya pagombe silemera mofanana. Mbale ya ntchito inkangotsika. Tinasintha miyala masana onse, osatheka. Pomaliza anati, "Tenga tindalama tiwiri tachitsulo umate kunsi kwa mbale inayo. Ndipo usauze munthu, wamva?" Ndinamata ndi selotepi. Tsopano imalingana bwinobwino. Ndinakumbukira Bambo akukangana ndi wogula khofi uja woika chala pambale.

Masiku a Lamlungu amene sindinapume akwana atatu. Pali zinanso za m'nyumba muno zoti sindingalembe. Si zoopsa, n'zongotopetsa.

Mbuzi ya mawanga ija isagulitsidwe. Ndi yanga, Bambo anandipatsa inu mukuona.

Ndine mwana wanu,
Juvita

9 Juni

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji ndi kuzizira kwa kwathu ku Letefoho? Kuno kukutentha moti munthu ukangotuluka m'chikepe malaya amakukakamira kumsana. Ndili bwino.

Khofi ayenera kuti wayamba kufiira. Musakwere phiri ndi bondo limenelo. Achimwene ali ndi miyendo iwiri yabwinobwino, imawafikitsa ku bwalo lomenyanitsira atambala Loweruka lililonse, ku munda siingalephere.

Lero andilola kutuluka theka la tsiku. Titatuluka Misa ndinakhala pakatoni m'mbali mwa msewu ndi Achemwali Marivic, mayi wa ku Philippines amene amakolopa m'hotela. Timamvana ndi Chingerezi changa choduka, kwinako ndi manja. Ndinawatengera pepala la phunziro la Chingerezi limene Adona anataya, chifukwa ndalimva kambirimbiri koma sindilitola. La Chipwitikizi ndimalimva, cha kusukulu ndi cha kutchalitchi chija chimandikwanira.

La Chipwitikizi limanena za tebulo la Lamlungu, agogo atakhala kumutu, ana akulimbirana buledi. Limati munthu amene sapezeka pa zikondwerero ndi pa maliro a kwawo wagulitsa moyo wake motchipa. Akafika pamenepo Adona amagwira pachifuwa, mawu n'kumanjenjemera. Ine ndinkayesa la Chingerezi likunena zomwezo.

Achemwali Marivic anawerenga, n'kuseka mpaka mpunga kuwatsamwa. "Iwe Timor, muno mulibe agogo, mulibe tebulo, mulibe maliro. Muno akuti wantchito wopuma sadwaladwala, salakwitsa, amabweretsa phindu lochuluka. Mupatseni tsiku limodzi, akubwezerani awiri."

Ndinati mwina sakuwerenga bwino.

"Ine? Ndinafika ku koleji ine, usandione chokolopera! Dona wakoyo akugulitsa msuzi umodzi m'mabotolo awiri, aliyense amamupatsa la kukhosi kwake."

Ndinafunsa kuti nanga ine langa ndi liti.

"Iwe ndiwe wotsuka mabotolowo, mwana wa mayi. Idya mpunga, ukuzizira."

Ndinaseka nawo, koma m'basi pobwerera sindinasekenso.

Achimwene, mwalemba kuti mtengo wa njati wakwera. Wa tikiti nawonso wakwera. Mwezi uno ndatumiza madola 100 okha, ena ndasunga, ndipo mukudziwa chimene ndasungira.

Ndine mwana wanu,
Juvita

4 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu, kwa Amalume ndi kwa onse ofunsa za ine. Thupi lili bwino. Pepani kuti ndatenga nthawi, kalata ziwiri ndinazing'amba.

Hotela ina yaikulu yaitana Adona kuti akaphunzitse anthu mazana awiri, m'mawa m'Chingerezi, masana m'Chipwitikizi. Tsiku lake ndi 19 Okutobala. Pondiuza anali akuvina m'khitchini. Tsiku langa anali ataliiwala.

Mukundidziwa Amayi, pamaso pa anthu mawu amandithawa. Ndiye ndinakonzekera sabata yathunthu. Ndinaganiza kuti mawu anga ndi osauka, bola ndigwiritse ntchito awo omwe. Lachitatu atatha kudya ndinaima pafupi ndi tebulo, manja kumbuyo ngati kusukulu, n'kunena ndime yonse ya Chipwitikizi ya maliro a kwawo ija, osaphonya liwu. Kenako ndinapempha masiku khumi.

Adona anawomba m'manja. "Gavin, wamva? Wamva mmene akutchulira? Mwana uyu anabwera muno osatha kupempha mchere! Juvita wanga, ukakhala nane kutsogolo tsiku limenelo. Uzikandipatsira miyala, kenako ukanene ndime imeneyi. Anthu akalira."

Ndinati, "Adona, ndapempha zopita kwathu."

"Pa 19? Nanga Benedita? Nanga ine? Pa chaka chonse wasankha tsiku limenelo?"

"Sindinasankhe ine, Adona. Bambo anamwalira pa 19."

Bwana Gavin sanadzutse mutu pafoni. Anati, "Ndege zilipo tsiku lililonse. Apite pa 20. Bambo akewo sathawa."

Ndinafotokoza kuti zakuda timavulira limodzi kumanda, amalume a kwa mayi ndiwo amavula ana, ndipo tikatero Bambo amamasuka n'kupita kukapuma. Likadutsa tsikulo palibe wobwerezera munthu mmodzi. Adona anati ndi mwambo wokongola kwambiri, ndiwalembere papepala. Kenako anati ku hotelako sindingalowe nditavala zakuda za maliro, chifukwa eni ake ndi anthu a njuga, amati zimathawitsa mwayi.

Ndinachotsa mbale patebulo. Imodzi inasweka. Sindinaigwetse dala, koma sindinapepese.

Ndikachoka ndekha pantchito, lamulo la kuno silindilola kugwiranso kwina mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Ndikudziwa kuti denga la kukhitchini likudontha. Ndikufunsa inuyo Amayi, osati wina: ndibwere, kapena ndikhale?

Ndine mwana wanu,
Juvita

15 Seputembala

Achimwene Abílio,

Iyi ndi yanu, simufunika kuwerengera munthu. Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi atambala anu.

Yankho munalemba lija ndinalilandira. Akuti Amayi anena kuti ndikhale, mzimu wa Bambo umvetsa, nditumize za njati ziwiri mwezi usanathe. Ndinalira, ndipo theka la zimene ndinasunga ndinatumiza, chifukwa ndinayesa ndi mawu a mayi anga.

Lachisanu ndinaimba pa foni ya akatekisiti, Amayi ali pomwepo pochokera ku Misa ya m'mawa. Tinalankhula mphindi ziwiri mawu asanaduke. Mawu awo oyamba anali akuti, "Iwe wamutu wouma, ufika liti? Mphasa yako ndayanika kale." Za hotela sakuzidziwa. Za funso langa sakuzidziwa. Akuti m'makalata anga mumangokhala moni ndi ndalama.

Ine sukulu ndinalekera sitandade sikisi kuti inu mupitirize. Khofi wa fizi yanu ndinathyola ndine. Kuwerenga kumene munaphunzirako ndi kumeneku?

Ndakhala ndikuganiza kuti inu ndi Adona mukanagwirizana kwambiri. Iwo ali ndi mawu ena a Azungu awa, ena a Azungu awo. Inu muli ndi kalata ina ya Amayi, ina ya ine. Nonse mumandikonda ndikakhala pamene mwandiika.

Njati ndi imodzi, ndipo ndalama yake muli nayo kale. Yachiwiriyo mukufuna kuti anthu adzanene kuti Abílio walira bambo ake mwaulemu. Iguleni nokha.

Sabata yamawa akuti kubwera namondwe, tamata mawindo. Amayi muwauze kuti ndili bwino. Zimenezo zokha ndikudziwa kuti muwauza.

Juvita

7 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Kalata iyi ndaipereka kwa ansembe a kuno. Aitumiza pa kompyuta ku parishi ndipo akuwerengerani ndi akatekisiti. Akatekisiti, zikomo, ndipo pepani pa zimene muwerenge. Amalume Caetano akhalepo.

Amayi, muli bwanji? Ine sindikudwala. Koma ndalakwa, ndipo ndifuna mumve kwa ine.

Dzulo masana Adona anati ndisatuluke, kubwera alendo. Anabwera amayi anayi, anzawo. Ndinayesa ndi zoyeserera phunziro. Nditalowa ndi tiyi ndinapeza makandulo patebulo, maluwa, ndi chithunzi cha Bambo. Chithunzicho chimakhala m'chikwama changa pansi pa bedi, mkati mwa buku la mapemphero. Sindinawapatse.

Adona anandilanda thireyi n'kundigwira manja onse. Anati, "Ndawerenga zonse za mwambo wanu pa kompyuta. Sungathe kupita ku mwambo, ndiye mwambo wabwera kwa iwe. Lero tikumasula, mwanawe."

Ndinati, "Adona, chaka sichinakwane."

"Masiku khumi ndi atatu okha! Mulungu sawerenga masiku."

"Si inu oyenera, Adona. Ndi amalume."

Mmodzi wa alendowo anati, "Tamuonani manyazi, wokongola bwanji!" Wina anali atakweza foni akujambula.

Amayi, pamenepa ndi pamene ndikuchita manyazi. Sindinathawe. Sindinakuwe. Anthu asanu ankandiyang'ana akumwetulira. Adona anamasula mpango wakumutu. Anandilowetsa kuchipinda kwawo n'kumasula mabatani akumsana, ndipo manja ndinakweza ndekha ngati mwana wovulidwa posamba. Anandiveka diresi lachikasu. Titatuluka onse anawomba m'manja, ena akupukuta misozi, n'kutsegula vinyo. Adona anayankhula m'Chipwitikizi kuti munthu asalole chisoni kulemera kuposa moyo, kenako anabwereza m'Chingerezi chifukwa mlendo mmodzi samva Chipwitikizi. Ine ndinatsuka matambula.

Alendo atapita ndinafuna madiresi anga onse awiri. Anati anawapereka kale kwa wotaya zinyalala, kuti ndisabwerere m'mbuyo. Ndinatsika nsanjika zonse makumi awiri ndi zitatu wapansi, chikepe chinkachedwa. Galimoto ya zinyalala inali itapita.

Chikasucho ndinakhala nacho maola asanu ndi limodzi. Ndawerenga bwino, sindikuchepetsa. Achemwali Marivic anabwera ndi buluku lakuda ndi malaya akuda a ku ntchito kwawo. Anandipatsira pageti, ndipo kwa nthawi yoyamba sananene nthabwala.

Amalume, ndikufunsa. Miyezi khumi ndi umodzi ndi theka ndinasunga ija yatayika? Bambo aona kuti mwana wawo anatopa nawo tsiku lisanakwane? Ngati pali chindapusa, mbuzi yanga ya mawanga ilipo.

Ndine mwana wanu,
Juvita

14 Okutobala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Yankho la Amalume landipeza Loweruka kudzera kwa ansembe. Akuti zovulidwa ndi mlendo sizinavulidwe, koma mwana akanene yekha kumanda zimene zinachitika, ndi pakamwa pake, tsikulo lisanadutse. Ndamva.

Ntchito ndasiya. Ndikulemba ndili m'chipinda cha Achemwali Marivic, mogona anthu asanu ndi atatu. Khadi langa la ntchito lafa, ndipo miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi musayembekezere kanthu kuchokera kwa ine. Denga la kukhitchini lidikira. Tikiti yadya zonse zinatsala, ndi zina anasonkha amayi a m'chipinda muno, anthu oti ena sindikudziwa ndi mayina awo omwe.

Ndinawauza Adona dzulo m'mawa, chikwama chili kale pakhomo. Poyamba anaseka. Ataona kuti sindikuvula nsapato anayamba kukalipa.

"Kwatsala masiku asanu ndi limodzi! Benedita ndimusiya ndi ndani? Ndinakugulira diresi, ndinakuitanira anthu, ndinalira nawe. Ndi dona uti mu Macau muno angachitire wantchito zimenezi?"

Bwana Gavin anati, "Muonjezere malipiro, nkhani ithe." Anatchula ndalama yaikulu, Amayi, yoti denga likanatheka ndi njati ya Achimwene yomwe. Ndinaimva bwinobwino. Ndinayang'ana pansi mpaka inadutsa.

Adona anaima pakhomo kunditsekera njira. "Chabwino, undiuze chimene ndakulakwira. Nena m'Chipwitikizi, nena m'Chingerezi, chimene ukufuna, koma unene!"

Ndinanena m'Chimambai chathu. Zaka ziwiri ndi theka m'nyumba imene ija ndinali ndisanatulutsepo liwu limodzi la kwathu, ndipo sindinkadziwa kuti mawu anga angakwere choncho. Ndinanena za masiku anga a Lamlungu, za chikwama changa, za manja awo pa mabatani anga. Ndinanenanso zina zimene sindingalembe, popeza akuwerenga ndi akatekisiti. Benedita anasiya kudya n'kumandiyang'ana kukamwa. Iye yekha ndi amene ndinamumvera chisoni.

Nditamaliza Adona anafunsa motsitsa, "Ndiye kuti chiyani zimenezo?"

Ndinati, "Mundipatse njira, Adona." Anapatuka.

Ndinyamuka mawa, ndigona pabwalo la ndege ku Bali, ndifika ku Dili Lachitatu. Lachinayi ndikwera galimoto yoyamba ya ku Gleno, kuchokera apo ndipeza ya ku Letefoho, ikasowa ndiyenda. Achimwene asavutike kudzandichingamira. Ngati ali ndi mawu, adzanene pamaso panu, ine ndili pomwepo.

Sindikubwera ndi mphatso. Ndavala buluku la mwini, lalitali, ndalipinda kawiri kumiyendo, ndipo anthu akandiseka aseke. Amalume muwauze kuti msewu ukavuta ndi mvula andidikire, ngakhale dzuwa lipendeke. Asavule munthu aliyense ine ndisanagwade pamanda a Bambo.

Ndine mwana wanu wamutu wouma,
Juvita